Wapolisi wa chikhoti chokwinyika: zomwe zinabisala kumbuyo kwa Columbo

Masewero ambiri a apolisi amakubisirani chinthu chimodzi mpaka kumapeto: wapha munthu ndani. Sewero la pa kanema la Columbo limakuuzani zimenezo mutangokhala pansi. Wakuphayo mumamuona nkhope, mumaona akukonza chiwembu chake, akupukuta mfuti, akubweza mivi ya wotchi, akuimba foni kuti padzapezeke wina womuikira umboni woti anali kwina. Nthawi yonseyi wapolisi sanatulukire n'komwe. Pamatha mphindi 15, mwina 20, kenako kumamveka kagalimoto kakutha kakutsokomola pageti, n'kutsikamo bambo wamfupi, tsitsi nyankhalala, chindudu kukamwa, atavala chikhoti cha mvula chokwinyika ngati anagona nacho, mumzinda wa Los Angeles momwe mvula imachita kusowa.

Ndiye munthu n'kufunsa kuti, ngati wakupha tamudziwa kale, tikudikiranji ola lathunthu ndi kanthu? Mabwana a NBC, kanema amene ankaonetsa seweroli ku America, nawonso zinkawavuta kumvetsa. Ine ndimaona kuti chinsinsi chilimo ndithu, kungoti olemba anachisamutsa. Za chigawenga timadziwa zonse. Amene sitimudziwa ndi wapolisiyo. Dzina lake loyamba salitchula, mkazi wake sitimuona, kunyumba kwake sitifikako, ndipo mpaka lero anthu amatsutsana ngati kuiwalaiwala kwakeko n'kwachibadwa kapena ndi msampha.

Columbo, wapolisiyo, sanabadwe ndi nkhope ya Peter Falk, amene anatchuka posewera ngati iye. Anamupeka ndi anthu awiri, Richard Levinson ndi William Link, amene anadziwana ali anyamata kusukulu ku Philadelphia ndipo analembera limodzi mpaka pamene Levinson anamwalira mu 1987. Woyamba kusewera ngati Columbo anali Bert Freed, mu 1960, m'kasewero ka ola limodzi. Mu 1962 olembawo anaikuza nkhaniyo kukhala chisudzo cha pa siteji, Prescription: Murder, ndipo wapolisi anali Thomas Mitchell, mkhalakale wa zaka pafupifupi 70 amene anali atalandirapo mphoto ya Oscar. Mwini chisudzocho amayenera kukhala wakupha, amene ankasewera ndi Joseph Cotten, wapolisi n'kukhala wongoperekeza. Koma pomaliza, ochita chisudzo akamabwera kudzawerama, anthu ankaombera m'manja kwambiri nkhalamba ija. Mitchell anamwalira ndi khansa chaka chomwecho, chisudzo chisanafike ku Broadway, kuchimake kwa zisudzo ku New York.

M'chisudzo chimenechi ndi momwe munabadwira mawu amene aliyense amamudziwa nawo Columbo. Amatsanzika, amafika pakhomo, wakupha uja amapumira m'mwamba, kenako mutu uja umasuzumiranso: "Just one more thing", kanthu kamodzi kokha, bwana. Mungaganize kuti olemba anachezera usiku kuganizira njira yozunzira chigawenga. Levinson anaulula kuti unali ulesi. Chigawo china chinawafupikira, Columbo anali atamutulutsa kale m'chipinda, ndipo masiku amenewo kukonza tsamba kunkatanthauza kulitaipanso lonse pa makina. M'malo motero anangomubweza pakhomo ndi funso lina.

Khalidwe lake anatapa kwa ofufuza awiri a m'mabuku akale: Porfiry Petrovich wa Dostoevsky, amene amazunguliza wolakwa ndi macheza mpaka atavomera yekha, ndi Father Brown wa G. K. Chesterton, wansembe wooneka wopepera amene aliyense amamuderera. Nayo njira yoyamba ndi kuonetsa wakupha sinayambe ndi iwo. Wolemba wa ku England, R. Austin Freeman, anali ataigwiritsa kale ntchito m'nkhani zake zimene zinatuluka mu 1912.

Pamene ankakonza zoti chisudzo chija chikhale filimu ya pa kanema, imene inaonetsedwa mu 1968, Levinson ndi Link ankafunabe munthu wachikulire. Anaganizira Lee J. Cobb, sizinatheke. Anapempha woimba wotchuka Bing Crosby, anakana, ndipo nkhani imene imasimbidwa ndi yakuti sankafuna ntchito yomudyera nthawi ya gofu. Peter Falk anali ndi zaka 40 zokha, mwana kwa iwo. Mukaionera filimu yoyambayo lero mudabwa: tsitsi ndi lopesa bwino, chikhoti nthawi zambiri chili pamkono, ndipo penapake amamukalipira mtsikana woganiziridwa mpaka kumuopseza. Columbo wofatsa uja anachita kukula pang'onopang'ono.

Falk mwiniwake ndi nkhani payekha. Anabadwira ku New York pa 16 September 1927, n'kukulira m'tauni ya Ossining. Ali ndi zaka 3 madokotala anamuchotsa diso lakumanja chifukwa cha khansa, ndipo moyo wake wonse ankavala diso loikirira. Kayang'anidwe kotsinzinira kaja, kamene kamasokoneza zigawenga chifukwa sizidziwa kuti akuyang'ana pati, sikanali kochita kupanga. Iye sankachita nalo manyazi. Ankasimba kuti ali kusekondale, pa mpira wa baseball, woimbira atamutulutsa molakwika, anazula diso lija n'kumupatsa kuti mwina limuthandiza kuona bwino. Usilikali anamukana chifukwa cha diso lomwelo, choncho anakagwira ntchito yophika m'sitima zapamadzi zonyamula katundu. Atabwerako anaphunzira mpaka kutenga digiri yachiwiri ya kayendetsedwe ka ntchito za boma ku Syracuse University, n'kulembedwa ntchito mu ofesi yoona za bajeti ya boma la Connecticut ku Hartford. Zisudzo anaziyamba mochedwa, akuyandikira zaka 30. Atakayesedwa ku kampani ya mafilimu ya Columbia, mkulu wake Harry Cohn anamuuza kuti ndalama yomweyo akhoza kupezera munthu wa maso awiri. Sipanapite zaka zambiri, Falk anaikidwa pa mndandanda wopikisana pa Oscar kawiri motsatizana, chifukwa cha mafilimu a mu 1960 ndi 1961.

Chikhoti chija chinali chakechake. Anachigula madola 15 ku New York tsiku lina mvula itamupeza panjira, ndipo anabwera nacho yekha kojambulira. Chinatumikira mpaka kutheratu. Anthu atayamba kufalitsa zoti chili kumalo osungirako zinthu zakale, iye ankati chili m'kabati kunyumba kwake ndipo usiku uliwonse amachiikira kambale ka mkaka ngati mphaka. Olemba anafika posewera nacho: m'gawo lina la mu 1976 mkazi wake amamugulira chikhoti chatsopano, chooneka bwino, ndipo Columbo amathera gawo lonse akuyesa kuchitaya, chifukwa akachivala mutu sugwira. Galimoto nayo anasankha ndi Falk. Anazungulira pamalo oimikapo magalimoto ku kampani ya mafilimu ya Universal osapeza yomusangalatsa, mpaka anaona Peugeot 403 yotsegula denga, yakalekale, itangoti ndwii pakona. Galu anabwera mu 1972. Mabwana ankaumirira kuti wapolisi akhale ndi womuthandiza wachinyamata, olemba n'kuwapatsa galu wa mtundu wa basset hound, wa makutu okwekwerera pansi, waulesi wosaneneka. Columbo analephera kumupezera dzina, basi n'kumangomutcha Dog.

Seweroli linayamba kuonetsedwa mokhazikika pa 15 September 1971. Falk sankafuna goli lojambula gawo latsopano mlungu uliwonse, choncho NBC inkalionetsa mosinthanasinthana ndi masewero ena awiri, McCloud ndi McMillan & Wife. Chaka choyamba panatuluka magawo 7 okha, ndipo ndikukhulupirira kuti kuchepa kumeneku ndi kumene kunapulumutsa seweroli, chifukwa nkhani yotere siphikidwa mothamanga. Gawo loyamba, Murder by the Book, analemba ndi Steven Bochco, amene pambuyo pake anadzayambitsa sewero lina la apolisi la Hill Street Blues, ndipo anatsogolera kujambula ndi mnyamata wa zaka 24 dzina lake Steven Spielberg. Nkhani yake ili ndi kanthabwala ka m'nyumba: anthu awiri amalembera limodzi mabuku a milandu, mmodzi ndiye amalemba, winayo amangodyerera ndi kuonekera pa kanema, ndiye wodyererayo amapha mnzake. Levinson ndi Link, olembera limodzi, ayenera kuti anaseka chamumtima.

Tsopano taonani anthu amene Columbo amawagwira. Simupezamo wakuba nkhuku kapena kamnyamata ka mumsewu. Ndi madokotala ochita maopaleshoni, maloya, andale, akuluakulu a asilikali, eni makampani, akatswiri a nyimbo, ampondamatiki okhala m'nyumba za mipanda ku Beverly Hills ndi ku Bel Air. M'gawo lina wakupha ndi wachiwiri kwa mkulu wa apolisi, bwana wake weniweni. Anthu awa anazolowera kuti wovala ngati Columbo ndi wodzatchetcha kapinga, moti nthawi zina amamuthamangitsa pamalo a ngozi asanaonetse chiphaso. Gawo lina sisitere wa kumalo othandizira ovutika anamuona ngati wosowa pokhala, n'kumupatsa chakudya ndi kuyamba kumusakira chikhoti china.

Kudereredwa kumeneku ndiye chida chake. Amafika ndi ulemu wosefukira, bwana apa, mayi apo, pepani ndakusokonezani. Amasisita m'matumba monse kufuna pensulo, n'kutulutsa dzira lowiritsa kapena kapepala ka zogula za kunyumba. Amayamikira nsapato za munthu n'kufunsa kuti munagula zingati. Kenako amadandaula kuti pali kanthu kakang'ono kakumusowetsa tulo, mwina bwana ndi nzeru zanuzo mungandithandize. Apa ndiye pamene wakupha amadzikolera, chifukwa munthu wosalakwa akanangoti sindikudziwa. Wolakwa, pofuna kutseka bowo, amapereka yankho, ndipo yankho lililonse limatsegula bowo lina. Akale anati chitsiru chinaomba ng'oma, ochenjera navina. Amene anakula akumva nthano ya Kalulu pa chitsime akudziwa kuti nyama zamphamvu zonse zinapusitsidwa, koma womugwira anali Fulu. Zambiri mwa zosisita m'matumbazi sizinkalembedwa n'komwe. Falk ankangoziyambitsa pomwepo kuti mnzake wosewera naye atope zenizeni, ndipo kunyansidwa kumene mumaona pankhope ya wakupha nthawi zina n'kosachita kupanga.

Kuti muone mmene msampha umafwamphukira, tengani gawo la mu 1971 lotchedwa Suitable for Framing. Katswiri wounika zojambulajambula, amene anasewera ndi Ross Martin, wapha amalume ake olemera n'kutenga zithunzi ziwiri za Degas, wojambula wotchuka wa ku France. Usiku wina akufika kwawo ndi chikwama cha zithunzizo, akupeza Columbo akuwodzera pampando, akumudikira. Mwa chidwi chake chachibwana chija, Columbo akupisa dzanja m'chikwamamo, mwini wake n'kumuletsa msanga. Nkhani imapitirira, ife n'kuiwala. Kumapeto katswiriyo wakabisa zithunzi zija m'nyumba ya mayi amene anali mkazi wa malemuwo kuti mlandu uwagwere iwo, ndipo apolisi azipezadi. Columbo akuti ziunikidwe zidindo za zala. Katswiri akuseka: zala zanga zipezekapo, ndinkazigwira masiku onse kwa amalume. Columbo akuti ayi, sitikufuna zanu, tikufuna zanga. Ngati zithunzizi anaba ndi mayiwa n'kuzibisa kuno, zala zanga zinafikapo bwanji? Munthu uja akuyamba kukuwa kuti mwazigwira pompano, mwandichita chiwembu. Columbo sakuyankha. Akungotulutsa manja m'matumba a chikhoti, pang'onopang'ono, ndipo onse awiri ali m'magolovesi. Filimu imathera pomwepo, popanda mfuti, popanda kuthamangitsana.

Mfuti sayenda nayo n'komwe. Gawo lina zimaululika kuti wakhala akuzemba mayeso a kuombera kwa zaka zambiri, mpaka akutuma mnzake kuti akamuomberere. Amachita chizungulire pamalo okwera, amadwala m'sitima, ndipo m'chipinda cha opaleshoni amayang'ana kumbali, wapolisi wa milandu yakupha ameneyo. Kupsa mtima n'kwa apo ndi apo, n'chifukwa chake okonda seweroli saiwala pamene anamenyetsa jagi patebulo pamaso pa dokotala womuseka, amene anasewera ndi Leonard Nimoy mu 1973.

Ena mwa akupha amafika powakonda. Donald Pleasence anasewera ngati mwini fakitale ya vinyo amene anapha m'bale wake pofuna kuteteza munda wa mphesa. Anamutsekera m'chipinda chosungira vinyo atazimitsa makina oziziritsa, osadziwa kuti iye ali ku New York kunja kudzatentha modetsa nkhawa. Columbo anatengamo botolo limodzi mobisa n'kukonza zoti amupatse kulesitilanti. Bamboyo atalawa anakalipa kuti vinyoyu anapsa ndi kutentha, chinthu chimene lilime la anthu ochepa kwambiri padziko likanazindikira, ndipo potero anadziweruza yekha. Popita naye kupolisi Columbo anaimika galimoto, n'kutulutsa kabotolo ka vinyo wabwino, awiriwo n'kumwa. Kwa ine limeneli ndiye gawo lokoma kuposa onse.

Popeza wakupha ndiye amanyamula theka la filimu, malowo ankapatsidwa kwa anamatetule. Patrick McGoohan anapha kanayi, analandira mphoto ziwiri za Emmy chifukwa cha zimenezo, ndipo anatsogolera kujambula magawo 5. Jack Cassidy anapha katatu, Robert Culp katatu, William Shatner kawiri. Johnny Cash anakhalapo woimba nyimbo zauzimu wopha mkazi wake. Shera Danese, amene anakwatiwa ndi Falk mu 1977, anaonekera m'magawo 6. Falk yekha anatenga ma Emmy anayi ndi chikhoti chimenechi, mu 1972, 1975, 1976 ndi 1990.

Tibwerere ku dzina lija. M'gawo lina munthu atamufunsa ngati ali ndi dzina loyamba, anayankha kuti lilipo koma amalitchula ndi mayi a kunyumba okha. Olemba ankanenetsa kuti sanamupatse dzina. Komabe amene anaimitsa filimu n'kuyang'anitsitsa chiphaso chake m'gawo la mu 1971, Dead Weight, anawerengapo kuti Frank, zimene zikuoneka kuti anangolembapo ndi okonza zipangizo. Nanga Philip, limene ena amalumbirira, linachokera kuti? Munthu wina wolemba mabuku a mafunso ndi mayankho, Fred L. Worth, ankaopa kuti anthu azimubera ntchito yake. Anachita zimene ojambula mapu amachita poikamo kamsewu kabodza: analemba dala kuti dzina la Columbo ndi Philip, kuti aliyense wokopera adzagwidwe nalo. Nyambo inadyedwa. Bodzalo linapezeka pa makadi a masewera otchuka a mafunso, Trivial Pursuit, ndipo mu 1984 Worth anakasuma kukhothi kufuna madola 300 miliyoni. Eni masewerawo sanakane kuti anatapa m'mabuku ake, koma anati mfundo zilibe mwini. Khothi linagwirizana nawo, apilo inakanika, ndipo khothi lalikulu la America linakana kumva nkhaniyo mu 1988. Msampha unagwira bwinobwino, koma mlenje anabwerera chimanjamanja.

Mkazi ndiye nkhani ina. Columbo satha mphindi zingapo osamutchula: mayi a kunyumba amakukondani kwabasi, mabuku anu onse anawerenga. Anthu ena anayamba kuganiza kuti mkaziyo kulibe, ndi nyambo chabe yofewetsera zigawenga. Koma m'gawo la mu 1975 la m'sitima yapamadzi, ogwira ntchito m'sitimamo amamuona ndi kulankhula za iye, ife tokha ndi amene timangomuphonya. Mu 1990 anafika pomuchitira maliro abodza pofuna kukola mayi wina wofuna kubwezera, ndipo chithunzi chimene tinaonetsedwa chinadzapezeka kuti ndi cha m'bale wake. NBC inayesapo kuswa lamuloli mu 1979, Columbo atasiya kuonetsedwa, poyambitsa sewero la Mrs. Columbo, olemba enieni aja akukana. Anasankha Kate Mulgrew, wa zaka 23. Powerengera, pamene Columbo ankatchula mkazi wake mufilimu ya mu 1968, mtsikanayu anali ndi zaka 12. Oonera sanazilandire. Dzina la sewero linasinthidwa kangapo, mayiyo anamusudzulitsa n'kumupatsa dzina lina, ndipo zonse zinatha ndi magawo 13.

Sikuti zonse zinali bwino. Loya wakuthwa akhoza kuphwasula milandu yambiri ya Columbo asanamwe n'komwe tiyi. Umboni wake kawirikawiri umakhala kanthu kamodzi, nthawi zina kopezeka mwa kunamiza woganiziridwa kapena kutenga chinthu popanda chilolezo, ndipo chimamupulumutsa n'chakuti wakupha amavomera yekha mwaulemu. Kukhothi sitifikako. Magawo ena anawatalikitsa kuti akwane maola awiri pamodzi ndi zotsatsa malonda, ndipo mumachita kumva kuti apa athira madzi. Seweroli litaima pa NBC mu 1978, linadzabwerera pa kanema wina, ABC, mu 1989 n'kumatuluka mwa apo ndi apo mpaka 2003, kukwanitsa magawo 69 onse pamodzi. M'magawo a m'mbuyowa muli abwino, koma Falk anayamba kukokomeza kupusa kuja mpaka kumaoneka ngati akuseweretsa, ndipo awiri amene anatengedwa m'mabuku a Ed McBain anamugwiritsa mfuti. Amenewo ine ndimangowadumpha.

Kunja kwa America anamukonda mwina kuposa kwawo. Ku Japan mawu ake onena za mkazi wake anasanduka nthabwala ya aliyense. Falk ankakonda kusimba kuti m'zaka za m'ma 1970 anapemphedwa kujambula uthenga wopita kwa anthu a ku Romania, wowatsimikizira kuti boma lawo silikubisa magawo atsopano, kungoti anatha. Ku Budapest, pa msewu wa Falk Miksa, anaimikapo chiboliboli chake mu 2014, akukanda mutu, galu ali pafupi, ngakhale palibe umboni woti Miksa Falk, mtolankhani ndi wandale wa ku Hungary wa m'zaka za m'ma 1800, anali m'bale wake.

Falk ankafuna kutsanzika ndi gawo limodzi lomaliza. Mu 2007 nkhani yake inali italembedwa, koma ABC inakana. Posakhalitsa matenda oiwala anamugwira mwamphamvu, ndipo mu 2009, pa mlandu wa m'banja wokhudza womusamalira, dokotala anauza khothi ku Los Angeles kuti Falk sakukumbukiranso zoti anasewerapo ngati Columbo. Munthu amene anathera zaka 35 akusisita m'matumba kufunafuna pensulo, yekhayo amene akanatiuza kuti kuiwala kwa wapolisi uja kunali koona mpaka pati, anamwalira kunyumba kwake ku Beverly Hills pa 23 June 2011, ali ndi zaka 83.